Seva imene inkachira ikayatsidwa kachiwiri: lipoti la vuto la netiweki ya ma VM

Dandaulo linali lalifupi. Magetsi akazima nthawi yaitali mpaka mabatire a inverter kutha, pobwera seva imayaka bwinobwino, nyali zake zonse zobiriwira, koma palibe kompyuta ya mu ofesi imene imafikira pulogalamu ya akawunti kapena mafayilo a onse. Mankhwala ake anthu a pa ofesipo anali atadzipezera okha: kupita kuchipinda cha seva, kuizimitsa, kuiyatsanso, basi zonse n'kubwerera m'chimake. Njirayi sinawagwiritsepo mwala, choncho palibe ankaiwerengera nkhaniyi ngati vuto. Inafika kwa ine pamene magetsi anazima Lachisanu madzulo n'kubwera usiku kulibe munthu. Ma VM, makompyuta a pulogalamu chabe amene amayenda m'kati mwa seva, anakhala osamveka mpaka Lolemba, ndipo backup ya akawunti ya masiku amenewo sinapite ku NAS, chipangizo chosungira mafayilo cha pa netiweki.

Pakati pa kuyaka koyamba ndi kwachiwiri palibe amene amasintha fayilo iliyonse pa seva. Chimasintha ndi zimene zaizungulira. Pa kuyaka koyamba zipangizo zonse za m'chipindamo zimadzukira limodzi, pa kwachiwiri zinazo zimakhala zitadzuka kale. Ndiye kuyambira pachiyambi ndinkafunafuna chinthu chodalira nthawi, osati chinthu chosweka.

Mmene makina analili

Ofesiyi ndi ya bungwe laling'ono mu Lilongwe. Seva ndi imodzi, ya Ubuntu Server 22.04, yokhala ndi kernel 5.15, systemd 249 (imene imayambitsa mapulogalamu makina akamayaka), libvirt 8.0 ndi QEMU 6.2 (ziwirizi ndi zoyendetsa ma VM). Ma VM ndi awiri. Ina ndi Windows Server ya akawunti, imene imatenga adiresi yake kwa router kudzera pa DHCP. Inayo ndi Debian yogawa mafayilo ndi Samba, adiresi yake yolembedwa pamanja. Onse awiri ali pa bridge, switch ya pulogalamu ya m'kati mwa seva, yotchedwa br0, imene netplan imamanga pamwamba pa eno1, khadi la netiweki la seva, kotero kwa makompyuta a mu ofesi amaoneka ngati makina ena alionse olumikizidwa ku switch.

Pali zinthu zitatu zimene poyamba zinkaoneka zosakhudzana ndi dandaulo. Netiweki ya default ya libvirt, ija ya virbr0 ndi 192.168.122.0/24 imene imabwera yokha mukaika libvirt, inali yoyatsa ngakhale palibe VM imene inkaigwiritsa ntchito. Pa seva yomweyo panali Docker 24, yoyendetsa ma container (mapulogalamu otsekeredwa m'malo awoawo), imene munthu amene ankasamalira makinawa kale anaikira container imodzi yoyang'anira ngati intaneti ilipo. Ndipo mu /etc/fstab munali mzere wa NFS wolumikiza NAS pa /mnt/backup. Ufw, pulogalamu yoyendetsera firewall pa Ubuntu, inali yozimitsa.

Kuligwira likuchitika

Vuto lotere silifufuzika likachira. Ndinapempha mayi oyang'anira za ndalama, amenenso amasunga kiyi wa chipindacho, kuti ulendo wina asaizimitse koma andiimbire. Anavomera monyinyirika: "Achimwene, koma zikachitika tsiku la malipiro ndizimitsa ndithu, musadzandinene." Mwamwayi zinachitika tsiku wamba.

Pa seva penipeni zonse zinkaoneka zabwino. `virsh list` inaonetsa ma VM onse akuyenda. `ip -br link` inaonetsa br0, vnet0 ndi vnet1 (ma port a Windows ndi Debian pa bridge) zilipo, ndipo `bridge link` inati ma port onse ali pa forwarding. Ping yochokera pa seva kupita ku Debian inkayankhidwa. Koma laputopu yanga, yolumikizidwa ku switch yomweyo, sinkapeza yankho lililonse. Windows, nditailowa kudzera pa console, inali ndi adiresi ya 169.254, imene imadzipatsa yokha ikasowa yankho la DHCP. Ngakhale ma VM awiriwo sankamvana, chonsecho ali pa bridge imodzi.

Chimene chinachepetsa malo ofufuza ndi `ip neigh` pa laputopu. Ping ikulephera, koma pa mzere wa adiresi ya Debian panali MAC yoyamba ndi 52:54:00, manambala amene libvirt imapatsa makadi a ma VM a KVM. Kutanthauza kuti funso la ARP, lofunsa MAC ya mwini adiresi, linadutsa switch, linalowa pa eno1, linawoloka bridge, VM inayankha ndipo yankho linabwerera. Chingwe chilibe mlandu, switch ilibe mlandu, bridge ikugwira ntchito. Chimene sichikudutsa ndi IP yokha. Ndinatsegula mawindo awiri:

`tcpdump -ni eno1 icmp`

`tcpdump -ni vnet1 icmp`

Pa windo loyamba ma echo request ankafika limodzi pa sekondi iliyonse. Lachiwiri linali zii. Ma packet ankafera m'kati mwa seva, pakati pa port ina ndi inzake ya bridge yomweyo. Nditayesa ping ya IPv6 ku adiresi ya fe80 ya VM ija, inayankha nthawi yomweyo. Chinthu chimene chimasiya ARP, n'kusiya IPv6, n'kumadya IPv4 yokha, dzina lake ndi iptables, firewall ya IP ya mu Linux.

`iptables -S FORWARD` mzere wake woyamba unali `-P FORWARD DROP`, policy yonena kuti packet yopanda lamulo loiloleza itayidwe, ndipo pa `iptables -L FORWARD -v -n` nambala ya ma packet otayidwa inkakwera ndikuyang'ana. Fayilo ya /proc/sys/net/bridge/bridge-nf-call-iptables inali ndi 1.

Apa pafunika kufotokoza, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti bridge ndi switch chabe, imene firewall ya IP ilibe nayo ntchito. N'zoona pokhapokha module ya br_netfilter isanalowe mu kernel. Ikalowa, ma packet owoloka bridge amadutsitsidwa mu iptables ngati kuti seva ikuwachita route, ndipo chain imene amadutsamo ndi FORWARD. Module imeneyi ikangolowa, mtengo wake woyambira ndi 1. Ping yochokera pa seva inkadutsa chifukwa iyo imayenda mu OUTPUT ndi INPUT, sikhudza FORWARD. DHCP ya Windows inkafa chifukwa pempho lake liyenera kuwoloka kuchoka pa vnet0 kupita pa eno1. IPv6 inkapulumuka chifukwa Docker 24 sikhudza ip6tables munthu akapanda kuiuza.

Nditalemba `sysctl -w net.bridge.bridge-nf-call-iptables=0`, ping ya pa laputopu inayamba kuyankhidwa, Windows n'kutenga adiresi yake nditaiuza `ipconfig /renew`. Ntchito mu ofesi inayambiranso. Koma funso lenileni linali lisanayankhidwe: n'chifukwa chiyani masiku ena okha?

Amene ndinayamba kumukayikira

Munthu akamva kuti ma VM akusowa netiweki seva ikangoyaka, maganizo amathamangira ku libvirt kuyamba bridge isanakhalepo. Zimachitikadi, ndipo chizindikiro chake chimadziwika: VM imakana kuyaka, log n'kulemba `Cannot get interface MTU on 'br0': No such device`. Gwero lake n'lakuti libvirtd.service imadikira network.target, imene sikulonjeza kuti makadi ali ndi ma adiresi kapena kuti chingwe chili moyo. Imangonena kuti pulogalamu yoyendetsa netiweki yayamba. Yolonjeza zambiri ndi network-online.target. Pano sizinali choncho. Ma VM ankayaka nthawi zonse, mzere umenewu munalibe mu log iliyonse, ndipo br0 inkaoneka msanga pa kuyaka kulikonse. Ndinayang'ananso STP, njira ya bridge yopewera kuti ma packet azingozungulira, imene imatha kugwira port masekondi 30 isanayambe kudutsitsa kanthu, koma vuto lokhala kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba si la masekondi 30.

Kuyaka kwabwino ndi kuyaka koipa

Ubwino wa Ubuntu 22.04 ndi wakuti journal, log ya systemd, imasungidwa pa disiki, ndiye `journalctl --list-boots` inandipatsa mndandanda wa kuyaka konse kwa m'mbuyomu. Zinkabwera ziwiriziwiri: kuyaka kwa magetsi atabwera, kenako kuyaka kwa munthu atazimitsa. Ndinatenga chimodzi cha mtundu uliwonse n'kuziika pambalimbali ndi lamulo ili, ndikusintha nambala ya pa -b:

`journalctl -b -1 -o short-monotonic -u docker -u libvirtd -u mnt-backup.mount`

Pa kuyaka kwabwino, NFS inkalumikizika mosataya nthawi, libvirtd n'kuyamba, dnsmasq, yogawa ma adiresi pa virbr0, n'kulemba kuti yayamba, ndipo pambuyo pake m'pamene Docker inkafika pa `Loading containers: start.` Kusiyana kwake kunali kochepa kwambiri, koma libvirt ndiyo inkatsogola. Pa kuyaka koipa, mnt-backup.mount inkaima pafupifupi mphindi yathunthu, Docker n'kumaliza zake zonse, libvirtd n'kubwera pambuyo. `systemd-analyze critical-chain libvirtd.service` pa kuyaka koipa inaonetsa poyera: libvirtd ikudikira remote-fs.target, remote-fs.target ikudikira NAS.

Mu libvirtd.service muli mzere wa `After=remote-fs.target`, ndipo uli ndi chifukwa chomveka, popeza anthu ambiri amasunga madisiki a ma VM pa NFS. Docker ilibe mzere umenewu, imadikira zinthu zina monga network-online.target ndi containerd. Pakati pa docker.service ndi libvirtd.service palibe mzere uliwonse wonena woyamba ndi wotsatira, ndipo systemd ikapanda kuuzidwa imayambitsa zinthu nthawi imodzi. Iyi si ngozi, ndi mmene inapangidwira, ndipo n'chifukwa chake makina amayaka msanga kuyambira pamene Ubuntu inasamukira ku systemd mu 2015. NAS, ndi madisiki ake ozungulira, imachedwa kudzuka kuposa seva. Magetsi akabwera zonse zimayambira pamodzi, NAS n'kutsalira, libvirt n'kuidikira. Munthu akazimitsa seva yokha, NAS imakhala ili maso kale.

Chotsala chinali kumvetsa chifukwa chake kutsogola kwa Docker kumabweretsa DROP. Kuyambira pa 1.13, imene inatuluka mu Januwale 2017, Docker imaika policy ya FORWARD pa DROP. Anthu ambiri amadziwa zimenezi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti, m'ma version ngati 24, sichita zimenezi nthawi zonse. Poyamba imayang'ana net.ipv4.ip_forward, nambala yonena ngati seva ingadutsitse ma packet kuchoka pa netiweki ina kupita ku ina. Ikapeza 0, imaisintha kukhala 1 ndipo pofuna kuti isasandutse makina anu router yotseguka, imaika DROP. Ikapeza 1, siikhudza policy. Ili ngati mlonda amene akapeza geti lokhoma amalitsegula n'kuima pomwepo kubweza aliyense amene sakumudziwa, koma akalipeza lotsegula kale amati mwini wake alipo, n'kupita kukakhala.

Nanga amene ankatsegula geti pa kuyaka kwabwino ndani? Netiweki ya default ija, yopanda VM ngakhale imodzi. Ndi ya NAT, ndipo libvirt poiyambitsa imaika ip_forward pa 1, isanayatse dnsmasq. Libvirt ikatsogola, Docker imapeza 1, policy imakhala ACCEPT, ma packet a br0 amadutsa mu FORWARD popanda wowafunsa. Docker ikatsogola, imapeza 0, imaika DROP, ndipo libvirt ikabwera imawonjezera malamulo ake a LIBVIRT_FWI, LIBVIRT_FWO ndi LIBVIRT_FWX amene amanena za virbr0 yokha. Za br0 palibe amene amalankhula, choncho ma packet ake amatsika mpaka pansi pa chain n'kukumana ndi DROP.

Ndiye netiweki ya ma VM a ofesiyi, nthawi yonseyi, inkadalira kuti netiweki ina yosagwiritsidwa ntchito iyambe Docker isanayang'ane nambala imodzi mu /proc. Ndipo kunena zoona, kuyaka kumene anthu ankakutcha kwabwino ndi kumene kunali kosatetezeka, chifukwa seva inkakhala ndi forwarding yoyatsa ndi policy ya ACCEPT, pamene Docker inkafuna kupewa zomwezo.

Fayilo imene sinagwirepo ntchito

Mu /etc/sysctl.d/ ndinapezamo fayilo yolembedwa ndi amene analipo kale, ya mizere itatu, yoika bridge-nf-call-iptables, bridge-nf-call-ip6tables ndi bridge-nf-call-arptables pa 0. Munthuyu anakumana nalo vutoli, mwina tsiku limene anaika Docker, ndipo analipeza molondola. Mizere yake inalibe cholakwa. Koma pa kuyaka kulikonse, kwabwino ndi koipa komwe, journal inali ndi mawu awa:

`Couldn't write '0' to 'net/bridge/bridge-nf-call-iptables', ignoring: No such file or directory`

Ilinso ndi vuto la woyamba ndi wotsatira, lachiwiri m'nkhani yomweyi. systemd-sysctl, imene imawerenga mafayilo a mu sysctl.d, imayenda koyambirira kwambiri pa kuyaka. Nthawi imeneyo br_netfilter isanalowe, chikwatu cha /proc/sys/net/bridge kulibe, ndiye imadandaula mzere umodzi n'kupitirira, service n'kuoneka kuti yatha bwino. Kale kwambiri mbali imeneyi inali m'kati mwa module ya bridge, koma kuyambira kernel 3.18, ya kumapeto kwa 2014, inapatulidwa. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa zisanatero kapena anakoperedwa kwa amene analemba zisanatero. Pa seva iyi amene amalowetsa module ndi Docker, patapita nthawi, ndipo `journalctl -k` imaonetsa mphindi yake ndi mawu akuti `Bridge firewalling registered`. Imalowa ndi 1, ndipo palibe amene amabwerera kudzawerenganso fayilo ija. Munthu akalemba `sysctl --system` pamanja makina atayaka kale, zimatheka, n'chifukwa chake wolembayo anachoka akukhulupirira kuti wakonza.

Zimene ndinakana ndi zimene ndinachita

Njira yachidule kwambiri inali kulemba `net.ipv4.ip_forward=1` mu sysctl.d, kuti Docker izipeza 1 nthawi zonse. Zikanagwira ntchito, koma n'kusankha dala mkhalidwe wosatetezeka uja. Ina inali kuwonjezera `After=libvirtd.service` mu docker.service. Iyi ndinaikana kwambiri. Imamanga chitetezo chonse pa zotsatira zam'mbali za netiweki imene aliyense woyeretsa makina angaifufute mawa, komanso `After=` imangodikira kuti daemon inene kuti yayamba, osati kuti yamaliza kudzutsa ma netiweki ake. Za `sleep` mu crontab kapena mu rc.local, zimene ndimazipeza kawirikawiri pa maseva a anthu, sindinaziganizire n'komwe: zimagwira mpaka tsiku limene NAS idzachedwe kuposa nambala imene munalemba.

Panatsala njira ziwiri zabwino. Yoyamba ndi kusiya ma packet azidutsa mu iptables koma kuwapatsa chilolezo mu chain ya DOCKER-USER, imene Docker inabweretsa pa 17.06 kuti malamulo a mwini makina azikhalamo:

`iptables -I DOCKER-USER -i br0 -o br0 -j ACCEPT`

Iyi ndiyo yoyenera pa makina amene amafunikira br_netfilter pa 1, monga a Kubernetes, kapena pamene Docker yauzidwa `icc=false`, yoletsa ma container kulankhulana, pakuti pamenepo imabwezera yokha nambala ija pa 1. Kuipa kwake n'kwakuti lamuloli liyenera kulembedwa Docker itapanga chain, ndiye mumafunika unit ina yokhala ndi `After=docker.service`, chinthu chinanso chodalira dongosolo la kuyaka.

Ndinasankha yachiwiri: kuchititsa kuti fayilo ya amene analipo kale uja igwire ntchito. Ndinapanga /etc/modules-load.d/br_netfilter.conf yokhala ndi liwu limodzi, `br_netfilter`. Chimene chimapangitsa njirayi kukhala yodalirika n'chakuti systemd-sysctl.service ili ndi `After=systemd-modules-load.service` yolembedwa ndi eni ake a systemd. Module imalowa, chikwatu chimaoneka, 0 amalembedwa, zonsezi netiweki isanayambe n'komwe. Docker ikabwera imapeza module ilimo kale ndipo siisintha. Ziyenera kudziwika kuti 0 ameneyu amakhudza ma bridge onse a pa seva, docker0 yomwe. Kwa container imodzi yongoyang'ana intaneti, palibe chotayika.

Kenako ndinazimitsa netiweki ya default:

`virsh net-destroy default`

`virsh net-autostart default --disable`

Ena angadabwe, popeza iyi ndiyo inkapulumutsa ofesi. N'chifukwa chake ndinaichotsa. Popanda iyo, Docker imapeza 0 pa kuyaka kulikonse ndipo imaika DROP pa kuyaka kulikonse. Seva tsopano ili ndi mkhalidwe umodzi wokha, womwe kale unali woipa uja, ndipo ngati kukonza kwanga kudzasweke tsiku lina, kudzasweka pa kuyaka koyamba, munthu amene wasintha zinthu akadali pampando, osati usiku wa Lachisanu.

Kuyesa

Sindinadikire magetsi. Ndisanasinthe kanthu ndinafuna ndione vutoli likubwera pondimvera ine. Anthu ataweruka ndinazimitsa seva ndi NAS, n'kuziyatsa nthawi imodzi: DROP, ma VM osamveka. Ndinazimitsa seva yokha n'kuiyatsa: ACCEPT, zonse bwino. Nditabwereza zinatuluka chimodzimodzi, ndipo apa m'pamene ndinakhutira kuti chimene ndapeza mu log ndicho chifukwa chake, osati zongochitikira limodzi.

Nditakonza ndinayesa njira zonse ziwirizo, n'kuwonjezera yachitatu, NAS yozimitsiratu. Pa iliyonse ndinkayang'ana zinthu zinayi: `iptables -S FORWARD` ikuti DROP, bridge-nf-call-iptables ili pa 0, Windows yatenga adiresi yake kwa router, ndipo laputopu ikutsegula mafayilo a Samba. Ndinachitanso `systemctl restart docker` ma VM akuyenda, ping ili pa windo lina, ndipo sinaduke. Mzere wodandaula wa systemd-sysctl unasowa mu journal.

Kuyesa kwa NAS yozimitsiratu kunaonetsa chinthu china. Ma VM ankachedwa kuyaka masekondi 90, nthawi imene systemd imapatsa mount isanaitaye, chonsecho madisiki awo ali pa seva pomwepo ndipo safuna NAS kuti ayake. Mu fstab ndinawonjezera `nofail,x-systemd.automount` pa mzere wa NFS. Ndi `nofail`, remote-fs.target sidikiranso mount imeneyi, ndipo automount imalumikiza NAS nthawi imene pulogalamu yafuna kulemba mu /mnt/backup. Izi ndinazichita pomalizira dala, kuyesa kwina konse kutatha. Zikanayambirira, netiweki ya default ikadali yoyatsa, libvirt ikanayambanso kutsogola pafupifupi nthawi zonse, DROP ikanasiya kuoneka, ndipo sindikanakhala ndi njira yotsimikizira kuti fayilo ya mu modules-load.d ndi imene yagwira ntchito.